Gudumu la Changua

Achimwene anga a Otoniel anali munthu wa njinga. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, koma ukawafunsa za moyo wawo ankayamba ndi njinga, ntchito pambuyo. Lamlungu lililonse m'mawa ankavala kakabudula kothina kaja n'kupita kukakwera chitunda cha Patios ndi madala anzawo a imvi. Kenako sitiroko inawagwetsa kubafa n'kuwalanda dzanja ndi mwendo wakumanzere. Mwendo unabwererako pang'ono, ankaukoka poyenda ndi ndodo. Dzanja linangotsala chopindika pachifuwa.

Mlamu wanga anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo yekhayo, Yurani, anakwatiwa kutali, kumzinda wa Ibagué. Choncho zonse zinagwera ine mlongo wawo wamng'ono. Ndikatseka kashopu kanga kosokera zovala, ndinkapita kufulati kwawo kudera la Kennedy kukawaphikira ndi kuwachapira. Kunja sankatuluka. Chikepe chotsikira pansi m'nyumba yosanjayo chinalipo, chogwira bwinobwino, koma ankati sakufuna anthu aziwatsegulira zitseko ndi nkhope zachisoni. Anzawo a njinga anabwera kangapo kudzawazonda, iwo n'kumangoyankha "eya" ndi "ayi" mpaka anthuwo anatopa.

Wotsala nawo anali mphaka. Anali wamkazi, woyera, wa banga lachikasu pamsana, ndiye anamutcha Changua, poti ankafanana ndi msuzi wa mkaka ndi dzira umene timamwa m'mawa. Chibadwire sanapondepo dothi. Achimwene atadwala, awiriwa ankangokhala pasofa tsiku lonse, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha. Iwo akamadya buledi wa tchizi, Changua naye chidutswa. Ikakhala nkhuku, khungu lonse linali lake. Ananenepa mpaka mimba kumasesa pansi.

Tsiku lina ndinamunyamula m'dengu kupita naye kwa dokotala wa ziweto kukabayitsa katemera. Nditabwerako achimwene anandifunsa asanacheuke n'komwe.

"Dokotala wati chiyani?"

"Wati uyu si mphaka, ndi thumba la mbatata. Muchepetse chakudya, komanso azithamanga."

"Athamangira kuti muno? Kuchoka pasofa kukafika kukhitchini?"

"Akuti kuli magudumu ena ake a amphaka. Mphaka amalowa m'kati n'kumathamanga, gudumu n'kumazungulira pamalo amodzi. Ine ndangoseka."

Iwo sanaseke. Anati ndiwapatsire foni yawo.

Kuyambira pamenepo nkhani m'nyumba muja inali imodzi. Ndikangolowa, ndisanavule n'komwe jekete, ankandiitana kuti ndidzaone zithunzi. Ili ndi lapulasitiki, lingagwedezeke. Ili n'laling'ono, mphaka angapindike msana. Ili lili ndi mpata m'munsi, phazi lingapanikizike. Ine ndinkangovomera uku ndikusenda mbatata. Mapeto ake anapeza kalipentala wina kudera la Doce de Octubre wopanga magudumuwa ndi matabwa.

"Ndiye ndimuuze atumize?" ndinafunsa.

"Gudumu sagula pachithunzi, Marleny. Lamlungu undiperekeze."

Mpeni unatsala pang'ono kundicheka chala. Chaka chinali chitatsala pang'ono kukwana asanadutse pakhomo lija, kupatula popita kuchipatala.

"Achimwene, Lamlungu misewu ikuluikulu amaitseka kuti muzidutsa njinga zokha."

"Ndiwe woti undiuze zimenezo ine?"

Anameta ndevu, n'kuvala malaya abuluu amene ndinawasokera kalekale. Takisi inayenda mozungulira, koma pamphambano ina inaima kuti a njinga adutse. Anadutsa ambirimbiri, ana, atsikana, madala a msinkhu wawo atavala zofiira ndi zachikasu. Achimwene anawerama, akuyang'ana mawondo a iwo eni nthawi yonseyo. Woyendetsa takisi anayamba kudandaula kuti anthu a njinga ndi osokoneza, ine ndinamutsina paphewa, iye n'kusiya.

Kalipentalayo dzina lake anali a Arcesio, bambo wonenepa, utuchi uli mbuu m'masharubu. Shopu yawo anatsegulira ife tokha tsiku limenelo.

"Fikani, fikani mabwana," anatero akukoka mpando. "Wothamangayo ndi uti? Inuyo kapena amayiwa?"

"Akanakhala amayiwa pakanafunika zitsulo za mlatho," achimwene anayankha.

"Inu achimwene, muli ndi mwayi kuti tili pagulu," ndinatero. Koma mumtima ndinasangalala, chifukwa chidwalire anali asananditonzepo.

Mpando anaukana. Anapita pa gudumu loyamba, n'kutsamira khoma, ndodo n'kundipatsa ine. Analizungulitsa ndi dzanja lawo labwinolo, khutu ataliyandikitsa.

"Ili likukhula penapake."

"Mafuta pang'ono basi."

"Si mafuta. Silinawongoke. Taonani mmene likuvinira."

A Arcesio anasuzumira, n'kukanda mutu, n'kuseka. "Chabwino, limenelo lisiyeni, ndidzagulitsa kwa munthu amene sindimukonda."

Lachiwiri linali ndi kapeti m'kati. Achimwene anapalasa kapetiyo ndi chikhadabo nati zikhadabo za mphaka zingakodwe. Lina linali lokongola, lopakidwa vanishi, koma lopapatiza, ndipo Changua ndi mimba yake ija sakanakwanamo. Anakaima pa lalikulu limene linali kukona, lofika m'chiuno mwanga n'kupitirira, loyalidwa labala wofewa m'kati. Analikankha kamodzi. Linazungulira mwakachetechete, nthawi yaitali, tonse atatu titangoliyang'ana.

"Inu magudumu mumawadziwa," anatero a Arcesio.

"Ndinkapalasa."

"Aa, ndiye mudzapalasanso, achikulire. Mulungu ndi wamkulu."

"Ayi," achimwene anatero, mopanda mkwiyo. "Sindidzapalasanso. Ndipatseni ili."

A Arcesio anatsokomola. "Ndikuuzeni chilungamo musanatenge. Amphaka ena salifuna. Alipo anthu amene analisandutsa poyanika matawulo."

"Wangayu alifuna."

Gudumu linabwera m'kati mwa sabata. Tinachita kuchotsa tebulo pabalaza kuti lipeze malo. Changua analinunkhiza mbali zonse, analowa, nadzipinda m'munsi mwake, n'kugona tulo.

"Mwamugulira bedi labwino," ndinatero.

"Iwe kasoke mabatani. Za masewera sudziwa."

Anayamba kumuphunzitsa. Ankamanga kachidutswa ka nkhuku kunsonga ya ndodo yopyapyala n'kukakweza pang'ono kutsogolo kwa mphuno yake. Changua akaponda kamodzi, gudumu n'kusuntha, ankalumpha n'kukabisala kunsi kwa sofa. Achimwene ankadikira. Kuti achite zimenezi ankayenera kuimirira, chiuno chitatsamira khoma. Munthu amene madokotala analephera kumuimiritsa mphindi zochepa tsopano ankaima mpaka mwendo kunjenjemera.

Patapita masabata angapo ndinamva phokoso ndili pakhonde, ndisanatsegule.

"Tiye! Tiye mayi! Usayang'ane m'mbali! Chitunda chatsala pang'ono!"

Ndinapeza Changua akuthamanga ndithu, makutu atagona, mimba ikugwedezeka uku ndi uku, achimwene thukuta lili kamukamu ngati akuthamanga ndi iwo. Ananditumiza kuti ndijambule kanema. Anamutumizira Yurani, ndiponso, zimene sindinayembekezere, anatumiza kwa anzawo a njinga aja. Madalawo anayankha ndi nthabwala. Wina anati mphakayo akuthamanga kuposa mmene mwini wake ankachitira, achimwene n'kumutukwana mosangalala.

Masiku amenewo anali abwino. Ankadya, ankasamba osakakamizidwa, ndipo tsiku lina anatsika okha kukagula nkhuku pagolosale yapansi. Changua anaphwako, msana unayamba kuoneka. Chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Akatsika pagudumu ankagona chammbali, kukamwa yasa, akupuma wefuwefu ngati galu.

"Achimwene, mphaka amapuma chonchi?"

"Wothamanga aliyense amatero. Ukanandiona ine pamwamba pa Patios."

Ndinawakhulupirira. Tonsefe sitinkadziwa kuti mphaka sayenera kupuma choncho.

Linali Lachinayi masana, ndili pamakina, pamene foni inalira. Mawu awo anali achilendo.

"Marleny, bwera. Bwera pompano."

Kumbuyo kwawo kunkamveka kulira kumene sindinakumvepo, ngati kwa khanda lopsa ndi moto. Ndinasiya diresi la kasitomala pansi pa singano, n'kuthamangira takisi.

Ndinawapeza atakhala pansi pasimenti, sindikudziwa kuti anatsika bwanji. Changua anali pafupi ndi gudumu, akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo. Yakumbuyo inkangotsatira ngati nsanza. Nditaigwira inali yozizira.

"Anali akuthamanga bwinobwino," achimwene ankangobwereza. "Ndinati kamodzi kokha kotsiriza. Kamodzi kokha."

Mnansi wina anandithandiza kuwadzutsa. Anakana kutsala. M'takisi anamuika Changua pamiyendo pawo, atamukulunga m'thaulo, ndipo anawaluma dzanja mpaka magazi, koma sanalichotse.

Dokotala anali mayi yemwe uja wa katemera. Anamubaya jakisoni woletsa ululu, n'kupita naye kuchipinda china kukamuunika. Atabwerako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi achimwene.

"Bambo Buitrago, mtima wa mphaka wanu ndi wotupa. Matendawa amabisala, nthawi zambiri samveka ngakhale tikapima. Magazi anaundana mumtima, chibuluma n'kupita kukatseka mtsempha wopita kumiyendo."

"Ndi gudumu," achimwene anatero.

"Ayi. Matendawa anali nawo kale. Zikanatha kuchitika ali m'tulo pasofa."

"Koma zachitika ali pagudumu."

Dokotala sanatsutse. Anati tikhoza kuyesa mankhwala, koma mtima unali utafooka kwambiri, m'mapapo munali mutayamba kulowa madzi, ndipo ululu wake ndi woopsa.

"Miyendo ingabwerere?"

"Mwina pang'ono. Koma vutoli limachitikanso, kawirikawiri posachedwa. Ndipo kunena zoona, moyo womangokoka miyendo pansi..."

Maso ake anagwera pa ndodo ya achimwene ndi dzanja lopindika lija. Anasiyira pomwepo, nkhope itasintha.

"Malizani, adokotala," achimwene anatero motsitsa mawu.

"Pepani bambo. Sindimatanthauza zimenezo."

"Ndikudziwa. Ndiuzeni chimodzi. Akumva kupweteka tsopano lino?"

"Jakisoni wachepetsako. Akatha mphamvu ayambiranso."

Achimwene anapempha kuti amubweretse Changua. Anamuika patebulo, achimwene n'kuyandikitsa mpando, n'kuika dzanja lolumidwa lija pamutu pake. Anamunong'oneza zinazake zimene sindinamve. Anagwedezera dokotala mutu, dokotalayo n'kumubaya Changua jakisoni womugonetsa kosadzukanso. Sizinatenge nthawi.

Pobwerera sanalire. Titalowa m'nyumba anaima pabalaza n'kunena kuti, "Ndamupha ndine, Marleny."

"Mwamva zimene dokotala wanena."

"Ndamva. Iwe unandifunsa za kupuma kuja, ine n'kukuuza za Patios."

Ndinayesa kuwatsutsa tsiku limenelo ndi masiku otsatira, koma zinali ngati ndikulankhula ndi khoma. Anabwerera pasofa. Chakudya ndinkachipeza mmene ndachisiyira. Ndevu zinamera. Anzawo a njinga anafunsa kanema wina, iwo anazimitsa foni n'kuiika m'dirowa. Ndinawauza kuti kasitomala wanga wina ali ndi tiana ta mphaka tofuna mwini.

"Ukabwera nako kuno, usadzabwerenso iweyo," anatero.

A Arcesio ndinawaimbira ndine kuti adzatenge gudumu. Anabwera okha, atavula chipewa pakhomo, nthabwala zonse atazisiya kwawo. Anati pepani, achimwene anayankha kuti gudumulo linalibe vuto, linali lowongoka bwino. Tinalikunkhuniza mpaka m'chikepe, ndipo tebulo linabwerera pamalo pake.

Mwezi wotsatira achimwene anagwa kukhitchini chifukwa chofooka, n'kuchekeka pachipumi. Yurani anabwera ndi mwamuna wake pagalimoto.

"Adadi, sindikufunsani maganizo," anatero. "Azakhali atopa, nanunso mukudzipha. Tikupita ku Ibagué."

Ndinkayembekezera mkangano, chifukwa kale ankati Ibagué ndi ng'anjo, sangakhaleko ngakhale atamangidwa. Koma anangofunsa kuti atenge malaya angati. Fulati tinaitseka, kenako analowamo anthu ena.

Kumeneko akuwasamalira bwino. Ali ndi chipinda chawo chapansi, chopanda masitepe, ndi khonde loyang'ana mtengo wa mango. Yurani akuti amakhala pakhondepo kuyambira m'mawa, adzukulu akamasewera amawayang'ana koma salowerera. Ine ndimawaimbira Loweruka lililonse ndikatseka shopu.

"Muli bwanji, achimwene?"

"Ndilipo."

"Mukudya?"

"Amandidyetsa."

"Kukutentha?"

"Kukutentha. Kumeneko mvula?"

"Ikugwa, kuyambira m'mawa."

"Chabwino," amatero. Kenako ine ndimangomva kupuma kwawo, mpaka Yurani atatenga foni n'kuyamba kundifunsa za mankhwala.