Lole ya Matenanti

Ntchito yanga pa boma la Kasungu ndi kuyendera anthu amene khoti lawalola kugwira chilango ali panyumba. Sindine bwana ayi. Ine ndi wa miyendo chabe, woyenda m'fumbi.

Sunganani anali tenanti wochokera ku Phalombe, wolima pa esiteti ina ku Kapelula. Adamenya kapitawo pa mkangano wa m'chigafa cha fodya. Khoti lidamuchitira chifundo: kundende ayi, koma azionekera kwa ife Lachisanu lililonse, ndipo asatuluke m'boma lino mpaka chaka chithe. Akangotuluka, ndende.

Koma khoti sililima fodya. Msika ukatha, mwini esiteti amakweza matenanti mulole kubwerera kwawo, tinyumba ta pa esiteti n'kudikira ena. Ndinawauza abwana anga kalekale kuti timusamutsire ku ofesi ya ku Phalombe. Iwo amvekere, "Tiona, Feggie." Basi anapita ku semina ku Mponela, foni osayankha.

Nditamva kuti lole yafika pa esiteti, mpando unanditentha. Ndinadumphira pa njinga yamoto ya kabaza, njira yonse ndikumukalipira Sunganani chamumtima. Akwera ameneyo, ndikumudziwa, mutu wake suchedwa kutentha. Miyezi yonseyi ndavutikiranji?

Ndinapeza injini ikulira kale. Mabeseni, mphasa, nkhuku zomanga miyendo. Sunganani anali pamwamba pa lole, chingwe chili m'manja.

"A Sunganani, tsikani msanga!" ndinakuwa.

Mkazi wake Jenala, atakhala pa thumba mulolemo, anandiyang'ana kuchokera kuphazi.

"Amayi, asiyeni bambowa. Kodi ku Phalombe kulibe Lachisanu?"

Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa ankanena zoona.

Sunganani anapitiriza kukoka chingwe. Anamaliza kumanga katundu bwinobwino, n'kudumphira pansi. Ananyamula mwana wawo Olive kuti amupereke kwa mayi wake, koma mwana anagwira kolala ya malaya nganganga, akulira. Bamboyo anamasula tizala tija kamodzikamodzi. Ine wobwera kudzagwira wothawa ndinangoti kakasi, manyazi atandigwira.

Lole inanyamuka, fumbi kobo! Tinatsala awiri pabwalo. Kanyumba kawo kanali pululu, kapitawo atazula kale chitseko.

"Ndiye mugona kuti?" ndinafunsa.

Anapukuta manja pa buluku, n'kunditembenukira mwaulemu.

"Ine ndimayesa mwabwera kudzandiuza zimenezo, amayi."