Jakisoni wa Tryness

"Tsopano ndiuzeni inu ana ake, Tryness ndani?"

Azakhali a Yosefina anaima pakhomo la khitchini, dzanja lina atagwira kabotolo kamene anakapeza m'firiji kuseri kwa majarini, dzanja linalo kope lachikuto chofiira. Linali Lachitatu, patapita masiku awiri chiikireni m'manda mlongo wawo, a Boaz Jere, mphunzitsi wopuma wa ku Kapata. Tenti inali itachotsedwa, amumpingo atabalalika, ndipo m'nyumbamo munatsala atatu okha: azakhaliwo, amene anachokera ku Kasenengwa, ndi ana awiri a malemu, Juliet ndi mlongo wake wamng'ono Mandla wa ku Lusaka.

Juliet anali pamphasa akupinda malaya a atate ake kuti agawidwe kwa abale. Sanadzutse mutu.

"Werenga iwe, Mandla," anatero azakhali. "Ine maso anatha."

Mandla analandira kopelo, natsegula chakumapeto. Zolemba zake zinali za atate awo, zija zoongoka ngati za pabolodi.

"Lolemba. Tryness wadya bwino. Ndamubaya 6 koloko. Wagona pamiyendo panga mpaka nkhani za pa wailesi zatha." Anatsokomola, natembenuza tsamba. "Lachinayi. Lero wandikwiyira, sakufuna n'kundiyang'ana komwe. Ndamugulira chiwindi kumsika."

"Mayo ine!" Azakhali anakhala pansi osayang'ana pokhala. "Pamiyendo! Mkulu wa mpingo wathunthu! Ndiye chiwindi? Mlamu wanga Ketilina chiwindi ankachiona pa Khirisimasi pokha!"

Kuseri kwa nyumba kunamveka kukanda chitseko, ndi kulira kosasa mawu. Anali pusi wa malemu. Tsiku limene thupi linabwera kunyumba, pusiyo anadumpha n'kukhala pafupi ndi bokosi, azimayi akumudzi n'kuyamba kunong'onezana zija mukuzidziwa za amphaka ndi maliro. Azakhali sanachedwe, anamutsekera m'kanyumba ka makala, ndipo ankangomuponyera mpunga ndi mabanzi otsala.

"Nachonso chinthu chimenecho mawa ukachitaye kuphiri," anatero azakhali. "Chatisokosa kokwana."

Koma Juliet sanamve zimenezo. Maso ake anali pa kabotolo. Ankakadziwa kabotoloko monga munthu adziwira chipsera chake: inali insulini, mankhwala a shuga. Kope nalonso analizindikira. Analanda kwa Mandla n'kutsegula masamba oyambirira, ndipo zolemba zinali zake iye mwini, za zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Amayi ake, a Ketilina, anadwala shuga zaka zitatu, ndipo m'mawa uliwonse ndi madzulo alionse wowabaya anali Juliet. Atate ake akangoona singano ankatuluka m'chipinda msangamsanga, n'kukasowera kukhitchini. Ngakhale tsiku limodzi sanakhalepo kuti awagwire dzanja akazi awo. Amayi atamwalira, Juliet anapempha kukaphunzitsa ku Mtenguleni. Si kutali ayi, ndi ulendo wa basi imodzi, koma kunyumba ankangofika kawiri pachaka, moni moni, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Tsopano taonani, m'kope lomwelo, kuseri kwa masamba a amayi ake, bambo yemwe uja akubaya mkazi wina kawiri patsiku, osaphonya, miyezi khumi ndi inayi. Mtima unamuwawa Juliet kuposa mmene unawawira kumanda.

"Ndiye kuti singano ankaitha," anatero motsitsa mawu. "Amayi okha ndiwo sanali oyenera."

"Asisi, tisafulumire."

"Ndafulumira chiyani? Werenga wekha!"

Mandla anatembenuza chikuto. M'kati mwake munali nambala ya foni, pamwamba pake dzina lakuti Edita.

"Edita winanso!" Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Koma Boaz, wandichititsa manyazi uli m'manda. Imba, mwana wanga, tiwamve. Asadzatidzidzimutse tsiku logawa katundu."

Mandla anaimba, naika foniyo pa tebulo kuti onse amve. Anayankha mayi wa mawu achangu, ndipo atangomva dzina la Jere anapuma mozama.

"Pepani kwambiri ndi maliro. Ndamva dzulo lomweli, ndakhala ndikuimba foni ya adadi koma ndi yozima. Nanga Tryness ali ndi ndani?"

"Ifenso tikufunsa zomwezo," azakhali anayankha atatosa khosi ku foniyo. "Kwawo n'kuti? Ndi mwana wa yani?"

"Wabayidwa liti komaliza?"

Mandla anayang'ana m'kope. "Lachisanu madzulo. Atate anagwa Loweruka m'mawa."

"Lachisanu! Abale, lero ndi Lachitatu! Akudya? Akusanza? Akutha kuimirira?"

"Mayi," anatero Juliet mouma, "munthu ameneyu ife sitikumudziwa."

Mayi wa pafoniyo anadabwa.

"Munthu? Iyayi, Tryness ndi mphaka. Ine ndine wa kuno ku vetenale, kuchipatala cha ziweto. Musamubaye nokha, mubwere naye tsopano lino."

Kuseri kuja kukanda kunali kutasiya.

Juliet ndiye anayamba kufika. Atakankha chitseko, fungo la mkodzo linamulandira. Mpunga ndi mabanzi zinali pomwepo, nyerere zitazinga, koma chitini cha madzi chinali gwa, chouma. Pusiyo anali atagona pathumba la makala, ubweya wake woyera utada bii. Anayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo n'kukana, nagwanso chammbali. Juliet anavula chitenje chapamwamba n'kumukulunga. Anali wopepuka ngati mtolo wa masamba ouma.

"Mphaka kuchipatala, pa galimoto," azakhali ankang'ung'udza pambuyo. "Ku Kasenengwa ndikakanena adzati Yosefina wapenga ndi maliro." Koma ndi iwo omwe amene anathamangira m'nyumba kukatenga kabotolo kaja, nakakulunga m'kansalu konyowa.

Edita anali mayi wamfupi wovala gawuni yobiriwira. Sanataye nthawi ndi malonje. Anabaya nsonga ya khutu la pusiyo, nadontheza magazi pa kamakina kangati komwe ankayezera a Ketilina, ndipo ataona nambala anagwedeza mutu. Anamuthira madzi pansi pa khungu, namuyezanso zina, kenaka anamuika pabulangeti ndi kambale ka nyama patsogolo. Panapita nthawi ndithu. Pusiyo ananunkhiza, nanyambita kamodzi, kawiri.

"Akadya ndiye kuti tili ndi mwayi," anatero Edita. "Tsiku linanso limodzi mukanamupeza atauma. Mpunga ndi mabanzi musamupatsenso, zimakweza shuga. Adadi ankamuphikira nyama, chiwindi pang'ono, nthawi zina dzira."

"Dzina limeneli analitenga kuti?" anafunsa Mandla. "Latsala pang'ono kuwachotsa mumpingo ali m'manda."

Edita anaseka, kenaka maso ake anadzaza misozi.

"Anabwera naye m'katoni, ataonda, akumwa madzi ngati ng'ombe. Titawauza kuti ndi shuga anakhala pa benchi apo nthawi yaitali. Ine ndinawauza zoona, kuti ambiri zikafika apa amangoti timugoneke, chifukwa ndi jakisoni kawiri patsiku moyo wake wonse. Iwo anati ayi. Ndikulemba khadi ndinafunsa dzina, anati alibe, ndi pusi chabe. Ndinati pakhadi pamafunika dzina. Ndiye anati, 'Lemba Tryness, mwana wanga, poti apa tikungotiraya, kungoyesa chabe.'"

Azakhali anabisa kamwa ndi nsonga ya duku.

"Koma atate ankaopa singano," anatero Juliet.

"Kuopa kokha? Tsiku loyamba anakomoka pomwe mwaimapo. Tinachita kuwapepesa mphepo ndi faelo. Mawa lake anabweranso ndi malalanje m'thumba. Sabata yathunthu akubaya lalanje, thukuta kamukamu. Ine ndinati adadi, bwanji mupeze wina azikubayirani? Anandiyankha mawu amene sindiwaiwala. Anati, 'Ndinathawapo kamodzi, ndinasiyira mwana katundu wanga. Ulendo uno sindituluka m'chipinda.'"

Juliet anayang'ana kukhoma, kumene kunali chithunzi cha nkhupakupa za ng'ombe, nachiyang'anitsitsa ngati kuti adzalemba mayeso ake.

Edita anapukuta m'manja. "Tsopano funso ndi lomwe lija. Atenga ndani? Ngati palibe, nenani, ndimugoneke bwinobwino lero. Kusiyana n'kuti azifa pang'onopang'ono."

"Ine ku Lusaka ndimachoka m'nyumba kusanache," anatero Mandla akukanda m'mutu. "Komanso eni nyumba salola ziweto."

"Ine musandiyang'ane," anatero azakhali. "Firiji ndiitenga kuti?"

Juliet anayang'ana pusiyo. Mkwiyo wa zaka zisanu ndi zitatu sutha ndi nkhani ya malalanje, ndipo mumtima ankati: kwa mphaka anatiraya, nanga kwa amayi? Komabe pamene Edita anatenga sirinji kuti abaye jakisoni wamadzulo, Juliet anasendera pafupi n'kuona potsina khungu, kumbuyo kwa khosi pakati pa mapewa.

"Tipita naye lero lokha," anatero. "Zamawa tiona mawa."

M'mawa mwake anadzuka kusanayere bwino. Pusiyo anali atagona pampando wa atate, pafupi ndi wailesi, ndipo atamva phazi anatukula mutu. Juliet anamuikira nyama, nadya theka. Podikira kuti 6 koloko ikwane, anatsegula kope lija kuti aone muyezo, ndipo kuchikuto chakumapeto anapeza tsamba limene dzulo sanalione. Pamwamba pake panalembedwa kuti: Ngati ine palibe.

Adye kaye, kenaka jakisoni. Akakana kudya, imbirani Edita musanabaye. Botolo osalikhutchumula, kungoligubuduza pakati pa zikhato. Magetsi akapita, liikeni mumtsuko wa mchenga wonyowa uli kuseri kwa chitseko. Mukaphonya nthawi musawirikize muyezo. Akayamba kunjenjemera kapena kudzandira, mpakeni uchi m'nkhama, thamangani naye.

Mzere womaliza unali wodulidwa mzere kunsi, monga ankachitira pabolodi ndi mawu obwera pa mayeso.

Manja akhale ofunda. Sakonda manja ozizira, ngati Ketilina. Kabeseni ndi komwe kaja. Juliet akudziwa.

Juliet anawerenga kawiri. Amayi ake ankanyansidwa ndi manja ozizira, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. "Chotsa manja ako a chulewo," ankatero akudzikokera bulangeti. Ndiye m'mawa uliwonse, Juliet akatsegula chitseko cha kuchipinda kuti akasambe m'manja, ankapeza kabeseni kobiriwira pansi pakhomo, madzi ake ofunda bwino, osawotcha, kathaulo kali pambali. Zaka zitatu. Sanafunsepo kuti amaika ndani. Anali wotopa, anali wokwiya, ndipo madziwo ankangowaona ngati chinthu chimene chimakhalapo basi. Munthu uja ankathawiradi kukhitchini, zimenezo n'zoona. Koma kukhitchiniko ankakoleza mbaula.

Anakapeza kabeseniko kali pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini, pamwamba pa mtsuko wa mchenga, m'mphepete mwake mutang'ambika n'kusokedwa ndi waya. Anakagwira pachifuwa, ndipo kulira kumene kunakanika kumanda kunabwera konse, mpaka anakhala pansi pasimenti.

Azakhali a Yosefina anatulukira atafunda bulangeti. Anayang'ana mwanayo, nayang'ana kabeseni, natenga kope n'kuliika kutali ndi maso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Anatenga ketulo imene anali atatereka kuti apange tiyi, nathira m'kabesenimo, naonjeza ozizira, nayesa ndi chigongono.

"Samba," anatero. "Mwini wake analamula."

Juliet anaviika manja mpaka zala zinafunda. Anagubuduza kabotolo pakati pa zikhato, nakoka muyezo, nakhala pampando wa atate ake. Tryness anakwera yekha pamiyendo pake, mwaulesi, ngati wodziwa ndondomeko kuposa onse m'nyumbamo. Juliet anatsina khungu, nabaya. Pusiyo sanagwedezeke n'komwe.

Mandla anaima pakhomo ndi chikwama chake cha ulendo. "Ndiye tikamuuze chiyani Edita, asisi?"

"Umuuze kuti ku Mtenguleni firiji iliko. Kabeseni aka musakaike pa katundu wogawa."

Juliet anatenga cholembera chimene chinali chomangiriridwa ku kopelo ndi ulusi, napeza mzere wa Lachisanu pamene atate ake analekezera. Pansi pake analemba: Lachinayi. Wadya theka. Ndamubaya 6 koloko. Manja ofunda.