Jekete la a Mtewele m'Chumuni

Ku Njombe chisanu cha mwezi wa Juni sichiodira, chimangolowa. N'chifukwa chake mayi Semligo ankaswera m'khitchini pafupi ndi mafuwa, kwinaku akutsokomola ngati galimoto yokana kulira. Chifuwacho chitamulepheretsa kuimba kukwaya, anapita kuchipatala. Namwino anamumvetsera pamsana, n'kufunsa kuti amasuta ndudu zingati patsiku.

"Ine mayi wa kwaya? Mwana iwe!"

"Ndiye khitchini yanu ndi imene ikukusutirani, mayi. Mu utsi muli tinthu tosaoneka ndi maso, timalowa mpaka pansi pa mapapo. Mukapitiriza, chaka chamawa mudzabwera pamachira."

Semligo anachita mantha zenizeni. Amayi anzake a kwaya anamuthandiza kuumba mbaula yadothi, ya chumuni chotulukira padenga. Khitchini inayera, moti anapeza chipande chomwe chinasowa chaka chomwe mwana wawo Neema anakwatiwa.

Amene sanasangalale ndi amuna ake, a Mtewele. Kudenga kwa khitchiniyo kunkalendewera chimanga cha mbewu, chomangidwa ndi makoko ake, mbewu ya makolo yomwe ankainyadira kuposa mkamwini. Utsi ndi umene unkachiteteza kwa anankafumbwe.

"Amake Neema, mwandiphera mbewu. Utsi wonse mukugawira mitambo, nanga chimanga changa chidya chiyani?"

"Chidye chifuwa changachi, bambo ake Neema."

Tsiku lachinayi utsi unabwerera, wochuluka kuposa kale. Nkhuni zomwe bambowo anabwera nazo zinali zaziwisi, zolira thovu pamoto. Semligo anathawira panja misozi ili chuchuchu, n'kuyang'ana padenga. Pachumuni sipankatuluka kanthu. Pakhoma panali makwerero, ndipo m'kamwa mwa chumunimo munkasuzumira mkono wa jekete lakale la a Mtewele, lomwe lija ankati linabedwa ndi anthu a kumowa.

Zinamuwawa, koma sanalalate. Ukwati wautali unamuphunzitsa kuti a Mtewele khutu lawo lili kumimba. Analongedza chikwama.

"Ndikukaona Neema ku Makambako, sabata imodzi. Inu ndi mbewu yanu muziphikirana."

"Kuphika ndi ntchito ngati? Pitani bwino."

Pobwerera, Semligo anayamba kumva nkhani asanafike n'komwe. Mayi wogulitsa ulanzi, mowa wansungwi uja, anamukuwira ali patali: "Semligo, chimanga chakwanu chasamukira m'nyumba yosanja! Ife tikubwera kudzachita lendi!"

Anapezadi zodabwitsa. Padenga, pamwamba pa chumuni, panali kanyumba kamalata ka miyendo inayi, chimanga chija chikulendewera m'katimo, chikusambira utsi mwaufumu. Nkhuni zinali zowaza bwinobwino, zosanjidwa pakhonde kuti ziume. Jekete linali pachingwe, lakuda bii. Mwini wake anali pampando panja, maso ali psuu, mpango wodzaza mwaye uli m'manja.

"Mwaswera bwanji, ophika?"

A Mtewele anatsegula pakamwa, koma mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Mwapirira masiku angati m'khitchinimo?"

Anakweza zala ziwiri. "Enawo ndimadya mbatatesi zokazinga kumsika," ananong'ona. Anayang'ana mpango uja, kenako n'kuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali. "Nanga inu munatha bwanji?"

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi, bambo. Simukuona kuti anankafumbwe sanandiboolepo?"

Semligo anaseka yekha nthabwala yake, koma phwetelo linasanduka chifuwa, chachitali, chomupinditsa mpaka anagwira mawondo. A Mtewele sanaseke. Anadzuka, n'kumulandira chikwama, n'kumukhazika pampando wawo uja. Kenako anayamba kusankha nkhuni pakhondepo, akumenyanitsa ziwiriziwiri pafupi ndi khutu kuti amve zouma kwenikweni.