Beseni la Elube

Pa Nkaya sitima ikangolira, chibale chimatha. Aliyense amanyamula beseni lake n'kuthamangira mawindo, ndipo wopunthwa amadzuka yekha. Ine Fauziya ndimagulitsa mandasi pamenepo, ndipo pambali panga pamaima Elube ndi mtedza wake wowiritsa. Mawu ake oitanira malonda ankamveka mpaka kumabogi akumapeto, moti enafe tinkangodyera m'mbali mwake.

Elube kwawo ndi ku Machinga. Anasiya sukulu ali Folomu 4, mayeso atatsala pang'ono, ndipo sikuti mutu unali wouma. Mayi ake anadwala matenda amgonagona, ndipo atamwalira anamusiyira mlongo wake Mtendere, mwana wa bambo wina, amene pa nthawiyo anali asanadziwe n'kumanga lamba komwe. Bambo a mnyamatayo anali atalowera ku Joni kalekale. Elube anatenga beseni n'kubwera ku Nkaya kutsatira sitima. Beseni limenelo ndi lomwe linamulera Mtendere, mpaka kumubweza ku Machinga kuti akaphunzire pa sekondale yomwe mchemwali wake anaisiyira panjira. Kumeneko ankakhala m'kanyumba ka lendi ndi anzake, ndipo zonse zofunika Elube ankangomutumizira.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene mnzangayu ankalakalaka. Masiku ano ana a Folomu 4 amachita mwambo wotsanzikana asanalembe n'komwe mayeso. Amavala magawuni obwereka, ndipo dzina la mwana likaitanidwa, kholo limanyamuka likuvina n'kukamuveka maluwa m'khosi, anthu onse akuona. Ine ndinkati n'kutsuka mbale nkhuku isanagwidwe. Koma Elube tsiku limenelo ankalinena ngati pemphero: adzaimirire pakati pa anthu, amuveke Mtendere maluwa ndi manja ake.

Anapita ku Balaka kukagula timaluwa tonyezimira tija. Anang'amba kansalu pa chitenje cha malemu mayi ake, chobiriwira cha madontho oyera, n'kusokerera timaluwato pamenepo. Ankasoka podikira sitima, akuyesa m'khosi mwanga ngati ine ndine wa Folomu 4.

Tsiku litayandikira, Mtendere anaimba foni.

"Achemwali, musavutike n'kubwera. Ndi zachibwana chabe zimenezi, mungotaya tsiku la malonda."

Elube anadula foni akumwetulira. "Mwamumva? Mwana ameneyu amandiganizira."

Ine ndinangoti eya. Mawu a mwana wa eni ake sindinafune kuwasenda.

Sabata yomweyo pawindo la sitima panatuluka mutu wa bambo wa tayi. Anagula mtedza, kenako anamuyang'anitsitsa wogulitsayo.

"Iwe si Elube iwe? Elube wa masamu uja?"

"Ndine ndemwe, sala."

Anali a Willard, mphunzitsi wake wakale, amene mpaka pano ali pasukulu pomwe paja. Anamuyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapatapata, nkhope yawo n'kuwala ngati atola kanthu.

"Mulungu ndi wabwino! Ndakhala ndikusakasaka munthu ngati iweyo. Lachisanu tili ndi mwambo wa a Folomu 4, ndipo ineyo ndi amene ndimawalangiza za moyo wa kutsogolo. Ubwere, ana aja adzakuone. Koma ubwere mmene ulilimu, ndi beseni lako lomwe. Usadzikongoletse iyayi."

Elube anatsegula pakamwa kuti anene za mlongo wake, koma sitima inali itayamba kale kusuntha. A Willard sakanadziwa okha, popeza awiriwa mayina a bambo ndi osiyana.

"Bola choncho," anatero Elube. "Akadzidzimuke onse, iyeyo ndi aphunzitsi ake omwe."

"Nanga bwanji akuti usavale bwino?" ndinamufunsa.

"Akufuna ana aone zenizeni, achemwali. Si onse adzapite ku yunivesite. Otsalawo ndani amawauza chochita? Ineyo palibe anandiuzapo."

Kuyambira pamenepo mnzanga anasanduka mlaliki. Ankandiyeserera zimene akanene: kuti mayeso akakukana usagone m'nyumba, kuti manja sachititsa manyazi, kuti chiyambi chaching'ono sichinyozeka. Mawu ake anali abwino, ndipo mtima wanga unafewa. Ndinati ndimuperekeza. Tsoka silinunkha.

Lachisanu tinakwera njinga yamoto mpaka kumsewu watala, kenako minibasi yodzera ku Liwonde. Elube anafukata beseni pamiyendo ulendo wonse, maluwa aja ali m'jumbo pamwamba pa mtedza. Pasukulu tinapeza tenti, mipando yobwereka kutchalitchi ndi zimkuzamawu zoboola makutu. A Willard anamulandira Elube ndi manja awiri n'kukamukhazika kutsogolo, osati pampando koma pa kabenchi kapambali pa tebulo la alendo. Ine ndinakakhala pakati pa makolo.

Ana analowa pamzere akuvina, magawuni akukwekwereza fumbi. Mtendere ndinamuona, wamtali, wowongoka, atavala nsapato zimene ndinamuperekeza Elube kukagula. Elube anamukwezera kadzanja. Mnyamatayo anaima kaye ngati waponda munga, kenako anatembenuzira nkhope kwina n'kupitiriza kuvina. Mnzangayo anandiyang'ana kuchokera kutsogolo kuja akuseka, kusonyeza kuti mwana wadzidzimukadi.

Atatha mapemphero ndi zolankhula za akuluakulu, a Willard anatenga maikolofoni. Kunena zoona, poyamba analankhula zanzeru. Anafotokoza za yunivesite, za sukulu za uphunzitsi ndi unamwino, za ntchito zamanja, ndi kuti wolephera angathe kulembanso. Makolo tinkagwedeza mitu. Kenako anamasula batani la jekete.

"Koma ana inu ndimakudziwani. Simumva ndi makutu, mumamva ndi maso. Ndiye lero ndakubweretserani zoti muone."

Anaitana mlendo wina dzina lake Cathy, namwino wa mumzinda, wa nsapato zazitali ndi makiyi a galimoto m'manja. Anthu anaomba m'manja. Kenako anakodola Elube.

"Bwera apa. Senza beseni lakolo."

Elube anasenza n'kukaima pambali pa Cathy. Awiriwo anazindikirana, ndipo Cathy anayang'ana pansi.

"Anthu awiriwa ankakhala desiki imodzi," anatero a Willard. "Ndipo wanzeru kwambiri anali uyu wa beseniyu. Koma mayeso atatsala pang'ono anathawa. Anaona ngati dziko limusiya. Elube, tawaonetsa anawa mmene umaitanira ku Nkaya."

Anamuyandikizira maikolofoni kukamwa. Mnzanga anali asanazindikirebe. Ankayesa ndi malonje chabe, kuti akatha apo amupatsa mpata. Anakoka mpweya n'kufuula ndi mawu ake onse aja.

"Mtedzaaa! Mtedza wotenthaaa!"

Zimkuzamawu zinawatenga mawuwo n'kuwamwaza mpaka kumsewu wa ku Zomba. Tenti yonse inaphulika. Ana ankagwetsana pamipando, ndipo ngakhale azimayi anzathu, a ming'alu kumapazi ngati ife tomwe, ankapukuta misozi ya chiseko. Anthu ndi oipa. Akapeza wina woti amuseke amaiwala kuti iwonso abwera wapansi.

"Amene akufuna kudzakhala ngati a Cathy akweze mkono!"

Mikono yonse m'mwamba.

"Nanga ngati uyu?"

Panalibe ndi umodzi womwe, koma chiseko chokha.

"Ndiye nenani nonse: sitikufuna beseni!"

"Sitikufuna beseni!"

"Sindinamve!"

"Sitikufuna beseni!"

Ine maso anga anali pa Mtendere. Ndinkati mwina atseka pakamwa, mwina aweramitsa mutu. Milomo yake inkayenda limodzi ndi ya anzake.

Apo m'pamene Elube anazindikira. Anatambasula dzanja kuti alandire maikolofoni, anene mawu ake aja, kapena angonena chimene chinamuchotsa pasukulu. A Willard anaibweza msanga.

"Zikomo, Elube, wagwira ntchito yaikulu lero. Tamuombereni m'manja. Kakhale pansi."

Bamboyo anali wokhutira zedi. Sindikukhulupirira kuti ankadziona ngati wankhanza. Kwa iye Elube anali ngati chithunzi cha chule chimene amapachika pabolodi, chimene sungachifunse ngati chikumva kuwawa.

Ndinadutsa pakati pa mipando mpaka pa kabenchi paja, mtima ukuwira.

"Nyamuka tizipita. Wallahi, ndikakhalitsa pano ndimutukwana munthu ameneyu."

"Dikirani, achemwali," anayankha motsitsa, maso ali ouma. "Ndimuveke kaye mwanayo. Akandiona ndikumuveka adziwa chimene beseni ili lachita."

Ndinakhala naye pomwepo. Ndinaganiza kuti akunena zoona, kuti mwina chiseko chonse chija chibwerera kwa eni ake.

Anayamba kuitana mayina. Makolo ankanyamuka ndi nthungululu, kuvina, kuveka ana awo, wojambula n'kuwajambula. Elube anatulutsa jumbo ija n'kuiika pamiyendo. Anakonza duku. Anapukuta manja pachitenje kuti mchere wa mtedza usadetse maluwa.

"Tsopano mnyamata amene tikumudalira kuti atichotsa manyazi chaka chino," anatero a Willard. "Nambala wani wathu, Mtendere!"

Ana anakuwa. Mtendere anapita kutsogolo. Elube anaimirira, maluwa ali m'manja, ndipo mapazi ake anali atayamba kale kutsatira nyimbo.

"Kholo la Mtendere lili kuti?"

Mnyamatayo anamuona mchemwali wake akubwera. Anayang'ana anzake, amene anali asanaphwe chiseko chija. Kenako anaweramira pa maikolofoni.

"Palibe amene wabwera, sala. Ndine wamasiye."

Azimayi anadandaula mwachisoni. Elube anaima pakati pa bwalo, phazi limodzi lili kutsogolo.

"Pepa, mwana wanga," anatero a Willard, dzanja lili pachifuwa. "Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Cathy, tithandizeni, mukhale kholo lake lero. Kodi maluwa apadera alipo?"

Anayang'anayang'ana, ndipo maso awo anagwera pa Elube.

"Taonani! Ndi maluwa omwe akugulitsa! Koma bizinesi yake ndi yosagona. Bweretsa kuno."

Anthu anasekanso. Ine ndinaimirira n'kufuula kuti ameneyo ndi mchemwali wake, koma nyimbo inali itakwezedwa, ndipo mayi wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi ndikuwatchinga. Elube akanatha kunena yekha. Anali pafupi ndi maikolofoni kuposa ine. Koma sanayang'ane a Willard, kapena anthu. Anayang'ana Mtendere, kumudikira. Mnyamatayo ankayang'ana nsapato zake.

Elube anadikira mpaka zinayamba kuoneka zachilendo. Kenako anapereka maluwawo ndi manja awiri, mwaulemu, monga amaperekera mtedza pawindo. Cathy anamufumbatitsa ndalama mwamanyazi n'kutembenuka kukamuveka Mtendere. Pomuveka, kansalu kobiriwira ka madontho oyera kanatulukira pamwamba. Mtendere anakaona. Chitenje chimenecho anaberekedwa nacho kumsana, sakanachiiwala. Anakagwira ndi zala ziwiri n'kukalowetsa mkati mwa gawuni kuti kasaoneke.

Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Amene ananena mawu amenewo sanafike ku Machinga tsiku limenelo.

Wojambula anagwada, n'kutsitsanso kamera yake.

"Mayi a mtedza, tapatukani pang'ono. Mukulowa m'chithunzi."

Elube anapatuka.

Sitinadikire mpunga. Ndalama ija anaisiya pa kabenchi, ndipo beseni ndinasenza ndine mpaka kusiteji, lili lodzaza monga tinabwerera nalo. Palibe amene anatithamangira. M'minibasi ndinatukwana njira yonse, mphunzitsi, mwana, ndi tenti yomwe, mpaka kondakitala anandipempha kuti ndiganizire anthu ena. Titawoloka Shire m'pamene Elube analankhula, akuyang'ana pawindo.

"Koma gawuni ija inamukhala, eti?"

Ndinalira ndine, mwini wake ali duu.

M'mawa mwake anabwera kusiteshoni monga mwa masiku onse, mtedza atautenthetsanso. Anati mayeso ali pafupi, mwana asalembe ndi njala. Sitima inalira, tonse tinathamangira mawindo. Elube anafika poyamba, anakweza beseni, anatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso, n'kutseka. Anangoima choncho beseni lili m'mwamba, anthu a m'sitima akugula kwa ena.

Mpaka lero sanaitanirenso. Pa Nkaya wogulitsa wosafuula sagulitsa, ndiye ndimafuula ndine, mandasi ndi mtedza womwe. Koma mawu anga safika kumabogi akumapeto.