Manambala Anayi Ofufutidwa

Woyeza malo anapeza lipoti lili kale patebulo, likungodikira kuti asaine. Linkati pabwalo la fakitale yakale ija palibe chitsulo pansi, katapila akhoza kuyamba kukumba maziko. Atatsegula tsamba la mzere wachisanu mwa mizere imene anayenda ndi makina pabwalopo, anaona cholakwika. Pachikhomo cha nambala 12, pamene makina oyezera maginito anakwera mwadzidzidzi, manambala anayi panalibe.

Mkamwini wake ndiye ankagwira za pakompyuta muofesimo.

"Apongozi, manambala anga mwawaika kuti?"

"Ndafufuta, bambo," anayankha mkamwiniyo osatembenuka n'komwe. "Ndi zinyalala zimenezo. Mwina munali ndi makiyi m'thumba."

Zaka makumi awiri zonsezi, woyezayo asanayambe kuyenda mzere ankavula lamba, wotchi, ndi mphete yaukwati yomwe, n'kumanga buluku ndi chingwe ngati wamisala, kuopa kuti chitsulo cha pathupi chinganamize makina. Anzake ankamuseka nazo. Lero mwana wadzana, wodya m'nyumba mwake Lamlungu lililonse, ati amuphunzitse za makiyi.

Woyezayo anatulutsa kope lake lakumunda n'kuliponya pafupi ndi kompyuta.

"Onani apa. Chinthu chikakhala chakuya, manambala amatambalala ngati chulu chakale. Awa ndi osongoka, m'lifupi mwake pakati mamita atatu basi. Gawani pawiri. Kuya kwake mita imodzi ndi theka, chitsulo chachikulu. Ndi thanki ya mafuta imeneyo, ndipo katapila akaiboola, woyamba kupsa ndi dalaivala."

"Kompyuta sinaone zimenezo."

"Ione bwanji mutaitseka m'maso?"

"Abwana akufuna lipoti pofika teni. Sainani, bambo, tisachite ngati tili pamsika."

Woyezayo sanasaine. Anatenga piki ndi fosholo kuseri kwa chitseko n'kutuluka.

Anafika pabwalo paja katapila akulira kale. Anakaima pachikhomo chija, dzino lachitsulo lili lendelende pamutu pake. Dalaivala anasuzumira pawindo.

"Madala, moyo wakukwanani?"

"Zimitsa chinthu chakocho. Tsika udzaone manda amene akukonzera."

Anakumba awiriwo mosinthana, dothi lake louma gwa. Dzenje litafika m'chiuno, panalibe kanthu koma zidutswa za njerwa. Mkamwini anali atafika, ataima pamthunzi, lipoti lili m'khwapa. Woyezayo sanamuyang'ane. Anayamba kuwerengeranso mumtima: nanga ngati m'lifupi muja analakwitsa? Matuza a m'manja anaphulika, iye osasiya.

Dzenje litafika pachifuwa, fosholo inalira ngwee. Woyezayo anapalasa ndi zala, panaoneka msana wadzimbiri wa thanki, ndipo fungo la petulo linadzaza dzenje lonse. Dalaivala anatuluka mwakachetechete, nakakhala pansi patali ndi katapila wake, manja ali pamutu.

Mkamwini anasendera pafupi, mawu atachepa.

"Ndibwezera manambala aja, bambo."

Woyezayo analavula fumbi, akadali m'dzenjemo.

"Mubwezere. Pansi pake mulembe dzina la amene anawafufuta, ndi chifukwa chake cha makiyi chija. Abwana awerenge. Mukatero ndisaina."