Nsanja ya Kuseri kwa Phiri

Makampani awiri a mafoni ataphatikizana n'kukhala imodzi, chilichonse chinapezeka chili pawiri. Alonda awiri pageti limodzi, alembi awiri, maketulo awiri m'kachipinda kophikira tiyi. Mu ofesi yoyang'anira nsanja za netiweki munalinso mainjiniya awiri a ntchito imodzi, ndipo panalibe amene sankadziwa kuti chaka chisanathe mpando umodzi udzatuluka.

Mmodzi wa awiriwo anali mayi amene anzake ankamutcha Namapu, chifukwa sankayenda wopanda mapu m'manja, ngakhale popita kukadya. Anali atagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi ku kampani yaing'ono, imene inamezedwayo. Winayo, wochokera ku kampani yaikulu, anali bambo wofatsa wa magalasi okhuthala, ndipo ankangotchedwa Wamagalasi. Madesiki awo anawaika moyang'anizana. Moni ankapatsana bwinobwino, zolembera ankabwerekana, koma wina akaitanidwa kwa abwana, mnzakeyo ankatsala akuyang'ana wotchi.

Abwana atsopanowo dzina anadzipatsa okha. Munthu akangoyamba kufotokoza kanthu, iwo amvekere, "Mwachidule, mwachidule!" Anthu ankanong'onezana kuti ngakhale pa ukwati wawo a Mwachidule ayenera kuti anawadula pakamwa abusa.

Chimene chinkawathamangitsa chinali intaneti yatsopano ya pafoni, yothamanga, yopanda mawaya, imene kampani inalonjeza kuti iyamba mumzinda pasanathe miyezi iwiri. Zida zinali zosakwana. Ndiye anagwirizana kuti paliponse pamene nsanja za makampani awiri aja zinayandikana, imodzi izime, mabatire ndi zida zake zipite mumzinda.

Tsiku la msonkhano, mapu anawaonetsa pakhoma. Anayenda nsanja imodziimodzi mpaka anafika pa timadontho tiwiri tokhudzana, kunja kwa mzinda. Pa mapu zinkaoneka ngati mapasa. Koma Namapu ankadziwa kuti pakati pa timadonthoto panali phiri, ndipo kuseri kwa phirilo, m'chigwa, kunali nyumba zoposa mazana awiri zimene zinkadalira nsanja ya kampani yake yakale yokha. Sanazidziwire m'buku. Kumeneko n'kumene kunkakhala apongozi ake aamuna, atelala okalamba, pamodzi ndi mlamu wake, mchemwali wa amuna ake.

"Bwana," anayamba Namapu, "nsanja imeneyi ili ndi kavuto pang'ono, chifukwa malo amenewa mukawaona bwino..."

"Mwachidule, mayi. Izime kapena isazime?"

M'mawa womwewo abwanawo anali atakalipira munthu wina pamaso pa onse, n'kunena kuti amene akulirabe maliro a kampani yake yakale chitseko akuchiona. Namapu anayang'ana Wamagalasi. Wamagalasi anali atavula magalasi ake, akuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

"Izime," anatero Namapu.

Anasayina pepala lovomereza kuti nsanja ya kuseri kwa phiriyo izime. Mumtima anadziuza kuti ndi zakanthawi, nkhani ya mipando ikangotha adzaikonza mwakachetechete.

Intaneti ija inayambadi pa tsiku lake. Panali zibaluni, malaya olembedwa dzina latsopano la kampani, ndi zimkuzamawu zimene zinasokosera msewu wonse. Anthu ankaonera makanema pafoni ali pamzere wa basi, n'kumagwedeza mitu. Sabata yotsatira, a Mwachidule anamuitana Namapu n'kumuuza kuti mpando ndi wake. Wamagalasi anamutumiza kukayang'anira nyumba yosungira zida, kuseri kwa malo oimika magalimoto. Pochoka anamusiyira Namapu kamtengo ka maluwa kamene kanali padesiki yake, akuti kumeneko kulibe zenera.

Mlamu wake anaimbako kamodzi, ali pa depoti ya basi.

"Alamu, netiweki yathu mwaipititsa kuti? Kuno tikuchita kukwera phiri ngati mbuzi kuti timve mawu a munthu."

"Tikukonza, alamu, musadandaule."

"Bambo akuti akudalira inu. Akuuza aliyense wobwera kudzasoketsa kuti mpongozi wawo ndiye mwini wake wa mafoni onse."

Namapu anaseka nawo. Atadula foni, anatsegula fayilo ya nsanja ija, n'kuiyang'ana, n'kuitsekanso. Mpando unali wake tsopano, koma kukauza a Mwachidule kuti anasayina chinthu akudziwa kuti n'cholakwika, chimenecho ankangochizengereza. Anati Lolemba. Lolemba litafika anati mwezi ukatha. Mlamu wake ataimbanso kawiri, anangoiyang'ana foniyo ikulira mpaka inasiya yokha.

Linali Loweruka m'mawa pamene atelala aja anagwa. Anali pa makina awo, akupinda mwendo wa thalauza, kenako anangopendekeka n'kutsetserekera pansi, pakamwa patakhota. Mwana wawo wamkazi, mlamu wa Namapu uja, anatola foni, zii. Anathamangira kwa aneba, nawonso foni yawo zii. M'chigwamo munalibe galimoto. Mlamuyo anakwera phiri lija atavala masilipasi, imodzi inaduka panjira, ndipo atafika pamwamba m'pamene foni inagwira. Pofika galimoto, pofika kuchipatala, dzuwa linali litakwera kale.

Namapu ndi amuna ake anawapeza atagona pabedi la pafupi ndi zenera. Dzanja lamanja linali litangogona pambali ngati si lawo. Adokotala, mayi wotopa amene ankalankhula akulemba, anati ndi sitiroko, moyo apulumuka, koma pa matenda amenewa ola lililonse limawerengedwa.

"Akanafika msanga, mwina dzanjali tikanalipulumutsa. Mwina. Sindingalumbire."

Mawu akuti mwinawo Namapu anawagwira ndi manja awiri, koma sanamuthandize.

Amuna ake, mphunzitsi wosakonda kukweza mawu, tsiku limenelo anakalipa m'khonde mpaka namwino anatulutsa mutu. Anatukwana kampani, anatukwana mabwana onenepa amene amazima nsanja atakhala pa mipando yozungulira. Kenako anatembenuka n'kumugwira mkazi wake paphewa.

"Sindikunena iwe, mayi a mwana. Iwe umangotumidwa."

Namapu anagwedeza mutu.

Masiku anayi anakhala ndi chinsinsicho. Ankabwera kuchipatala masana alionse, kuwamwetsa apongozi ake ndi supuni, kuwapukuta pakamwa, ndipo anthu a pamabedi oyandikana ankati mpongozi wotere sapezekapezeka. Akatero, iye ankatuluka panja ngati wakumbuka kanthu.

Tsiku lachisanu anapeza mlamu wake pampopi, kuseri kwa wodi, akuchapa nsalu za pabedi. Pachala chachikulu cha kuphazi kwa mlamuyo panali pomangidwa bandeji. Namapu anagwira mbali ina ya nsaluyo kuti afinye limodzi.

"Alamu, nsanja ija ndinazimitsa ndine."

"Kampani yanu, eya, tikudziwa."

"Ayi. Ineyo. Anandifunsa, ndinayankha kuti izime. Za phiri ndinkazidziwa. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito."

Mlamuyo anasiya kupotokola. Madzi ankangodontha pa mapazi awo onse awiri.

"Ndiye tsiku lija ndinaimba lija, mukuti tikukonza?"

"Sindinkakonza chilichonse."

"Nanga maulendo awiri aja simunayankhe?"

"Foni inali m'manja mwanga."

Mlamuyo anailanda nsalu ija, n'kuifinya yekha, n'kukaiyanika. Anaiwongola m'makona monse, mosafulumira. Pobwerera sanamuyang'ane kumaso.

"Achimwene mukawauze nokha, ine sindikusenzerani. Koma bambo ayi. Mwamva? Munthu watsala ndi dzanja limodzi, musamulandenso mpongozi amene amanyadira. Chimenecho mukhala nacho nokha."

Namapu anawauza amuna ake madzulo a tsiku lomwelo, ali kukhitchini. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti akanakhala bambo ake omubereka akanayankha chimodzimodzi kodi. Namapu anati sakudziwa. Kwa sabata yathunthu m'nyumbamo munkamveka mbale ndi wailesi basi.

Lolemba Namapu analowa mu ofesi ya abwana osagogoda, mapu ali kukhwapa. Abwanawo atangoti "mwachi...", iye anawayala mapuwo padesiki pamwamba pa kapu ya tiyi, n'kufotokoza zonse, phiri, chigwa, nyumba mazana awiri, siginecha yake, atelala. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, abwanawo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati zida za nsanjayo zinamwazikana kale mumzinda, kuzibweza n'kosatheka, koma alembe lipoti, ndipo dzina lake likhalemo. Analilemba tsiku lomwelo. Anamupatsa kalata ya chenjezo, ntchito sanamuchotse, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa mmene ankaganizira.

Kenako anapita ku nyumba yosungira zida. Anamupeza Wamagalasi pakati pa makatoni, fumbi lili m'tsitsi. Atamva nkhaniyo anakhala pa katoni n'kupumira m'mwamba.

"Mayi, phiri limenelo inenso ndinkalidziwa. Nsanja yathu ndinaimika ndine, ndikudziwa pamene imalekezera. Tsiku lija ndinkadikira kuti munene inu, kuti akukalipireni inu."

Anayang'anana, ndipo panalibe woti n'kumukhululukira mnzake. Wamagalasi anadzuka, nalowa mkati mwa mashelefu. Anatuluka akukoka bokosi la kachipangizo kolandira netiweki n'kuiponya kutsogolo, koti kakaikidwa pamwamba pa phiri kangathe kufikitsa mawu m'chigwa. Intaneti yothamangayo sikanakafika, koma foni ikanalira.

Mapepala, chilolezo cha malo ndi mzati zinatenga masabata asanu ndi awiri. Nthawi imeneyo apongozi ake anali atatuluka m'chipatala, ndipo amuna ake anali atayambanso kumulankhula, ngakhale kuti nkhani zake zinali za mwana ndi za sukulu zokha.

Tsiku limene anayatsa kachipangizoko, Namapu anatsika phiri n'kulowa m'galimoto ya kampani. Dalaivala asanalize injini, foni ya Namapu inalira. Inali nambala ya mlamu wake, koma mawu anali a nkhalamba, olemera, otuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Mayi... ndi ine. Ndili pa... pakhonde panga. Mukundimva?"

"Ndikukumvani, bambo."

"Ndinawauza ine. Ndinati... mpongozi wanga akonza. Zikomo, mayi. Mulungu a... akudalitseni."

Namapu anatsegula pakamwa. Anamva mlamu wake akupuma chapafupi ndi foniyo, akumvetsera.

"Zikomo, bambo," anatero.

Panamveka phokoso la foni ikusintha manja.

"Alamu, mukamabwera Loweruka mugule kampira kofewa kaja ananena adokotala, koti azifinya. Kuno sikakupezeka."

"Ndigula."

"Kakhale kakang'ono. Zala sizikutambasuka."

Foni inaduka. Dalaivala anafunsa ngati abwerere ku ofesi, ndipo Namapu anati ayambe adutsa kumsika.