Bokosi Losalowa Mpweya

Ndinanena tsiku lomwe ankadula matabwa ake. Ndinati, "Bambo a Kachiswe, bokosi lalikulu chonchi m'nyumba muli mwana, mudzabooleko timabowo kumbuyo. Chivindikironso chisakhale cholemera."

Iwo anangochotsa pensulo kukhutu n'kulemba mzere pa thabwa, osandiyang'ana n'komwe.

"Amayi, mwamva?" anatero kwa apongozi anga, amene anakhala pampando pakhomo la shedi. "A Nkhawa ayambapo."

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Dzina limenelo anandipatsa ndi iwowo mwana atangobadwa, chifukwa ndinkakonda kuika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Sindikana, ndine wamantha. Machesi ndimabisa, zidebe za madzi ndimavindikira, misomali ndimatola pansi ngati nkhuku. Koma munthu ukamachenjeza za chilichonse, mawu ako amasanduka phokoso la wailesi ya aneba.

Amuna anga ndi kalipentala, ndipo zida zawo zinali za malemu bambo awo: mapulena awiri, sowo ya chigwiriro chong'aluka, matchizulo, sikweya ndi hamala. Dzinja lapitalo denga la shedi linadontha, zonse zinachita dzimbiri. Anazikwecha ndi sandipepa akutukwana, n'kulumbira kuti apanga bokosi loti ngakhale chinyezi sichidzapeza polowera.

Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawanamizire. Anasankha matabwa olimba, olemera. M'makona sanakhome msomali ndi umodzi womwe, anasema mano olowana ngati zala za manja awiri, n'kuwamata ndi guluu. Mwana wathu, yemwe wangokwanitsa zaka ziwiri, ankakhala pa utuchi n'kumatafuna tizidutswa ta matabwa. Ndiye chifukwa chake timamutcha Kachiswe. Bambo ake akapala thabwa, ankamuika zopalidwa zopotanazo kumutu n'kumati tsopano wamera tsitsi la kusaluni.

Kukamwa kwa bokosilo anazunguliza mphira wa chubu cha tayala. Kenako anaika loko wogula, uja wodzitsekera yekha chivindikiro chikangogwa, chifukwa ankati mbala imaba pomwe munthu waiwala kukiya.

Atamaliza anatiitana tonse. Anayatsa kakandulo, anakaimika mkati, n'kusiya chivindikiro. Chinatsika n'kupuma, pfuu, loko n'kulira kuti kwa! Anatiuza kuti tidikire, iwo akuimba mluzu. Atatsekula, kakandulo kanali katazima, kautsi kakuzungulira pansi.

"Mwaona? Mpweya sulowa. Dzimbiri likadye kwa ena."

"Dzanja la bambo ako lenileni," anatero apongozi, akusisita thabwa.

Ine ndinayang'anitsitsa kakandulo kozimako. Ndinakumbuka botolo limene aphunzitsi a sayansi ankavindikira nalo moto kusekondale.

"Chimene chazimitsa motowo chingazimitsenso munthu," ndinatero.

"Ndani akufuna kugonamo? Iwe? Sungakwanemo, wanenepa," anatero amuna anga.

Anaseka awiriwo. Ine ndinanyamula mwana n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake analipaka vanishi kunja ndi mkati, n'kulisiya chotsekula kuti liume, chivindikiro atachichirikiza ndi kathabwa. Munalibe kanthu, chifukwa timashelefu ta matchizulo anali asanapange. Chitseko cha shedi anachisiya pululu kuti fungo lituluke. Masana ananyamuka kukagula zogwirira za m'mbali, makiyi onse ali m'thumba mwawo monga mwa nthawi zonse.

Ndinali ndi zochapa zambiri. Ndinapempha apongozi kuti andionere mwana ndikayanike kuseri.

"Pita, mwana wanga. Ndinalera asanu, palibe amene anagwera m'chitsime."

Ndili pa chingwe, ndinazindikira kuti sindikumva kanthu. Kachiswe ndi mwana wolongolola, amayankhula ngakhale ndi nsapato. Ndinasiya malaya pansi. Apongozi ndinawapeza akusinza, kukamwa kuli yasa. M'chipinda munalibe munthu. Kunsi kwa bedi, kubafa, kumsewu, ayi. Ndinabwerera, ndipo podutsa pa shedi ndinaona kathabwa kaja kali pansi.

Ndinakoka chivindikiro. Chinakana. Ndinaika khutu pa thabwa, vanishi wosauma n'kundimata patsaya. Mkati munkamveka kukanda pang'onopang'ono, ngati khoswe ali kudenga.

"Amayi! Kiyi!"

"Kiyi wa chiyani?" Anabwera akukoka phazi. Ataona, anagwira kumutu. "Mayo ine! Muimbire mwamuna wako, muimbire abwere!"

Kukanda kuja kunasiya.

Sindinagwirepo tchizulo m'moyo mwanga. Ndinatenga yaikulu, ndinailowetsa pafupi ndi loko, ndinamenya ndi hamala. Mphira unkabweza. Ndinadzimenya chala, chikhadabo chinang'ambika, sindinamve. Ndinamenyabe mpaka thabwa linalira n'kung'aluka kuchokera pa loko kukafika pakona.

Kachiswe anali atapinda maondo, nkhope pansi, thupi lonse lili nyowe ndi thukuta. Milomo inali yotuwa. Nditamunyamula mutu unagwera kumbuyo. Ndinathamanga naye panja, ndikumuuzira mpweya m'kamwa monga ndinaonera pa chithunzi cha kusikelo, osadziwa ngati ndikuchita bwino. Kenako anakoka mpweya ngati chitseko chadzimbiri, anasanza pa ine, n'kuyamba kulira.

Aneba oyendetsa takisi anatitengera kuchipatala. Namwino anamupima, anamuyang'ana m'maso ndi tochi, n'kunena kuti tithokoze Mulungu, pang'ono pokha tikanalankhula zina. Amuna anga anatipeza komweko, zogwirira zili m'manja. Anamukumbatira mwanayo, misozi ikutsika, ndipo ndinati mumtima: basi, amva tsopano.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Amuna anga anamutsitsa mwana, n'kupita molunjika ku shedi. Ndinawapeza atagwada, akuyendetsa chala mumng'alu.

"Ukanamenya kumbuyo, ku mahinjesi. Thabwa ili sindingalipezenso."

"Mwana anali mkati."

"Ndikudziwa, sindikukudzudzula. Ndikungoti ukanamenya kumbuyo."

Anatsekula chitini cha guluu, anathira mumng'alumo, anapana ndi zopanira ziwiri. Manja awo ankagwira modekha, ngati akumanga bala.

"Ndiye muboola tsopano?" ndinafunsa.

"Ndikaboola, ndapangiranji? Likhala dengu."

"Chotsani lokoyo, ikani wa pamanja."

"Lizikhala lokiya, basi. Vuto si bokosi. Vuto n'lakuti mwana anasiyidwa yekha."

"Ndinamusiya ndi amayi."

Apongozi, amene anali ataima kumbuyo kwanga, anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye ndine mfiti? Nena bwinobwino ndimve. Mwana akapsa ndi moto sabwereranso pa mbaula. Waphunzira ameneyo, sadzaliyandikiranso."

"Ndipo tsiku lina mukadzalisiya chotsekula, mukutenga sowo?"

"A Nkhawa," anatero amuna anga motopa, "lero lokha tipumitseni."

Pa chakudya chamadzulo Kachiswe anakana kudya. Ankangolira, kukana supuni, kukana madzi, kundikakamira pakhosi. Ndinayendayenda naye m'chipinda, ndinamuimbira, osatheka. Bambo ake anali atagwira chipumi. Apongozi anaika mbale pansi, anaweramira kwa mwanayo n'kuloza ku shedi.

"Iwe! Ukapitiriza, ndikakuika m'bokosi."

Kulira kunaduka pomwepo, ngati wadula ndi mpeni. Thupi lake linauma m'manja mwanga. Maso anatuzuka, kukamwa kuli kotsekula koma osatulutsa mawu, ndipo ndinamva mkodzo wofunda ukutsikira pa siketi yanga.

"Mwaona?" anatero apongozi, akutenganso mbale yawo.

Ndinayang'ana amuna anga. Ndinkadikira kuti anene mawu amodzi okha kwa mayi awo. Iwo anapumira m'mwamba, mapewa anatsika, n'kuseka pang'ono.

"Koma amayi inu. Ndiye tapeza mankhwala."

Ndinatuluka ndi mwana. Ndinapita naye kubafa, ndinamusambitsa, ndinamuveka zouma. Nthawi yonseyo sanalire, sanalankhule, ankangondiyang'ana pakamwa kuti aone ngati nanenso ndinena mawu aja. M'zikhadabo zake munali mukadali vanishi. Ndinamuchotsa ndi kamtengo ka machesi, chala chimodzichimodzi, iye atatambasula dzanja ngati la munthu wina.

Kuchipinda chochezera ankakambirana za mawa, kuti guluu akauma apala pamng'alupo, apakanso vanishi, sipadzaonekanso. Apongozi anati mpongozi wawo ndi wa mtima wapachala, koma zimatha.

Ndinatsitsa chikwama pamwamba pa wodirobu. Ndinaikamo zovala za mwana, kabuku ka kusikelo, bulangete lake ndi madiresi anga awiri, n'kuchikankhira kunsi kwa bedi. Achemwali anga amakhala kutsidya kwa tauni, m'chipinda chimodzi chodontha, ndipo adzandifunsa mafunso ambiri. Amuna anga amadzuka kukawala, amayamba ndi ku shedi. Akamadzamasula zopanira zawo, ine ndi Kachiswe tidzakhala tili m'basi yoyamba.